Ng'oma za Kumapiri Zitamanda Agide

Wambani ng'oma, anyamata. Sonkhezani moto wa mapesi, muyandikize mbalule mpaka chikopa chikungike, muigogode ndi chala mumve ngati yavomera. Mpanje ukhale kudzanja lamanja, gunda atsamire tsinde la mkuyu, tete asathamange. Lero sititulutsa chilombo kudambwe. Lero sitilonga mfumu, sitiperekeza maliro. Lero titamanda munthu wa gitala, nkhalamba ya kutali kummwera, ndipo ng'oma yotamanda woimba imalira chapansipansi kuti isakwirire mawu a mwini wake.

Gu! Gu! Imva iwe Kongwe, phiri la mpingo ndi sukulu. Imva iwe Mvera, woyang'ana kunyanja. Imva iwe Ntchisi, wofunda nkhungu m'mawa, iwe amene unabisa makolo athu m'nkhalango yako masiku a nkhondo. Imvani a kwa Msakambewa, a kwa Chiwere, a kwa Dzoole, a kwa Kayembe ndi a kwa Chakhaza. Imvani a kwa Nthondo, a kwa Kasakula, a kwa Kalumo, a kwa Chilooko ndi a kwa Malenga. Amayi a pa Chezi, tulani madengu a tomato. Anyamata a kabaza a pa Mponela, imikani njinga. Inu osoka fodya m'zigafa, siyani kaye mikangala. Dzina likubwera.

Agide!

Giddes Chalamanda, mwana wa ku Chiradzulu, wa m'mudzi mwa Madzuwa. Wobadwa pa 15 Januwale 1930, tsiku limene masiku ano dziko lonse limaweruka pokumbukira John Chilembwe, mnansi wanu wa ku Mbombwe. Agide, mkuyu wa pamphambano, wopatsa mthunzi ngakhale apaulendo osadziwa amene anaubzala. Agide, chala chosatopa. Agide, mtondo wosinja mphale ya mibadwo inayi popanda kung'aluka. Tambala wa m'bandakucha amene anayamba kulira dziko lino likutchedwa Nyasaland. Khasu lakale lodziwa pobisala chinyezi. Amati tsobola wakale sawawa. Wonena zimenezo abwere adzalawe. Chitsime cha pansi pa phiri, chosaphwa mu Okutobala. Mseki wosaseka munthu, mlangizi wosagwira mkwapulo. Agide, ndinu. Vomerani, amayi. Nthungululu ilire kamodzi, kenaka ikhale chete, popeza ulendo wa dzinali ndi wautali.

Munali mnyamata wa zaka 19 pamene njala ya 1949 inapulula midzi ya kummwera. Munaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikumangidwa mu 1953, munachionanso chikugumuka mu 1963. Mbendera ya dzuwa lotuluka inakwera pa 6 Julayi 1964 inu muli bambo wa zaka 34. Mapaundi ndi masheleni anachoka m'matumba mwathu mu 1971, kwacha ndi tambala n'kulowa m'malo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anaima pamzere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri a kwanu, matope n'kukwirira nyumba za anansi anu. Zonsezi zinadutsa pakhomo panu ngati mizere ya nyerere, gitala ili chikhalire pamiyendo. Mbale za galamafoni zinasweka, makaseti anatafunidwa ndi wailesi, ma CD anakalika, nyimbo zanu n'kusamukira m'mafoni, osataya ndi liwu limodzi lomwe.

Wina afunsa kuti: kodi a ku Dowa ndi a ku Ntchisi mwasowa anu owatamanda, kuti mukakumbe nkhalamba ya kutsidya kwa Shire? Funso labwino, ndipo ng'oma iyankha. Sitinakamutenge ife. Anabwera yekha, analowa m'nyumba zathu osaodira, atakwera wailesi. Ine ndinakumvani koyamba, Agide, ndili mwana wovala kabudula wong'ambika kumbuyo, pa wailesi ya Nzeru ya agogo anga aamuna. Mabatire ake ankayanikidwa padzuwa masana onse kuti apezeko mphamvu ya madzulo. Unali mwezi wa Juni, chisanu chikutsika m'phiri ngati madzi, ife titazungulira moto wa zitsononkho, manja akuswa mtedza. Wailesi ya MBC inkalira chapatali, mawu akubwera ndi kupita monga amachitira mwera. Gitala itangoyamba, agogo anakweza dzanja nati, "Khalani chete, Agide ayamba." Anakutchulani ngati munthu amene anagawana naye fodya wapamphuno, pamene nkhope yanu anali asanaioneko. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti mlendo amene akulu amamukhalira chete si mlendonso. Ndi mbale wathu wa kuchimuna amene anangochedwa kufika.

Mbiti! Mbiti! Mpanje nena za jazi.

Jazi anabadwira ku New Orleans, m'milomo ya zidzukulu za akapolo. Kuno anafika atatopa ndi ulendo, atadzera ku Johannesburg, ku Bulawayo ndi ku Salisbury, m'masutikesi a amalume athu a Wenela ndi a Theba amene ankabwerako ndi jekete, galamafoni ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi. Atafika m'midzi yathu, jazi anavula suti. Anasanduka banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa buleki ya njinga. Anasanduka ng'oma ya chikopa cha mbuzi yogunda ndi phazi, ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya. Anyamata osadziwa kulemba noti ndi imodzi yomwe anatcha magulu awo maina a mitsinje ya kwawo: Alan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, Robert Fumulani ndi Likhubula River. Ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba anaphunzitsa chitoliro cha kwela kuyankhula Chichewa. Mu mzinda, Morson Phuka ndi Jazz Giants ankaliza malipenga. Inunso Agide munayamba motero, muli mnyamata, ndi choimbira chopanga ndi manja anu. Choncho munthu asatiuze kuti jazi ndi wa anthu a mataye okha. Jazi wathu ananunkha utsi wa nkhuni kuyambira pachiyambi, ndipo mwa amene anamulera, inu ndinu mmodzi wa otsala owerengeka.

Gunda, tsika. Tsika ndithu, titchule amene anatsogola. Daniel Kachamba anagona mu 1987. Alan Namoko, wosaona ndi maso koma woona ndi zala, anagona mu 1995. Donald Kachamba anatsatira mkulu wake mu 2001. Anapita Robert Fumulani, anapita Michael Yekha, anapita Saleta Phiri, anapita Stonard Lungu. Wambali Mkandawire, amene anaveka nyimbo za kumpoto chovala cha jazi n'kuzikweza mpaka ku South Africa, anatisiya mu Januwale 2021. Lucius Banda, msilikali wa amphawi, anatisiya pa 30 Juni 2024. Ambiri mwa amenewa anabadwa inu mutameta kale ndevu. Munawaona akukwera, munawamva akulira pa wailesi, munamva za maliro awo. Agide, wotsala m'munda mvula ya matalala itapita. Agide, mphanda yomwe yasenza denga nsichi zinzake zitadyedwa ndi chiswe. Tinawatamanda ambiri a iwo atatseka kale makutu, ndipo zimenezo zimatiwawa mpaka lero. Inu tikutamandani mukumva.

Tete, dzuka! Thamanga tsopano, pakuti nkhani yake ndi ya ndege.

Munaimba Buffalo Soldier, mukulakalaka kukaponda dziko la America. Zaka zinapita, anthu akuvina nyimboyo m'maukwati ndi m'mabala, ena akuganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba yosadziwa mtengo wa tikiti. Inu simunasinthe nyimbo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2016, muli ndi zaka 86, munakwera ndege pamodzi ndi ana anu m'maimbidwe, Edgar Kachere ndi Davis Njobvu, amene dziko limawadziwa kuti Edgar ndi Davis. Munakaimba ku Library of Congress mu mzinda wa Washington, nyumba yosunga mabuku ndi nyimbo za mitundu ya anthu. Munthu wa ku Madzuwa anakhala pampando m'nyumba imeneyo, nakumbatira gitala monga amachitira pakhonde pake. Agide, woimba loto mpaka loto litachita manyazi n'kusanduka zoona. Agide, wolosera ulendo wake ndi nsambo. Kuno kumapiri tinamva nkhaniyo tili pa chigayo, ndipo amayi ena anaimba nthungululu ufa uli m'mutu.

Kenaka kunabwera za mafoni. Mu 2020 Patience Namadingo, mdzukulu wanu m'maimbidwe, anakhala nanu pansi, nalumikiza nyimbo zanu zakale ndi kugunda kwa reggae. Linny Hoo, nyimbo imene bambo anapekera mwana wake wamkazi, inatuluka m'mudzi ngati moto wolusa wa mu Seputembala. Pofika kumayambiriro kwa 2022 inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok. Atsikana a ku mayiko amene sadziwa kumene kuli Malawi ankagwedeza mapewa potsata mawu anu, osamva tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe. Atolankhani a kunja anafika ku Madzuwa napeza mwini nyimbo alibe foni yoonera zimenezo, nyumba yake ilibe magetsi. Apa ng'oma ikukanika kukondwa yokha. Tikunyada, inde, tikunyada kwambiri. Koma tikufunsanso: mwa anthu mamiliyoni amene anavina, ndi angati anafunsa ngati nkhalambayo yadya? Mawu anawoloka nyanja zonse, mphotho n'kumabwera chokwawa ngati birimankhwe. Ife alimi a fodya timaudziwa ululu umenewu. Timadziwa kusoka tsamba ndi tsamba mpaka msana kuuma, belo n'kupita ku okushoni, utsi wake n'kukakomera anthu a kutali.

Agide, mlimi mnzathu. Agide, wolima munda umene zokolola zake zimauluka.

Tsopano imani, ng'oma zonse. Mbalule yekha atsale, ndinene chimene ndakuitanirani.

Takuonani pa masiteji akuluakulu, zokuzira mawu zitaunjikidwa ngati matumba a chimanga, magetsi akuthwanima, khamu likukweza mafoni m'mwamba. Zimenezo n'zokuyenerani ndipo sitikuchotserani. Kuno kwathu nakonso tili ndi bwalo lalikulu: ku Dzaleka, kumene chikondwerero cha Tumaini chakhala chikusonkhanitsa anthu zikwizikwi kuyambira mu 2014. Koma woimba wokalamba ali ngati nkhwani wotendera: amakoma m'mbale yaing'ono, wodya ali pafupi. Anthu a jazi anazindikira zimenezi kalekale. Ku New Orleans kuli kanyumba kotchedwa Preservation Hall, kamene kanatsegulidwa mu 1961 kuti nkhalamba za jazi zipeze pokhala ndi poimbira. Omvera amakhala pa mabenchi a matabwa, ena pansi, bondo la mlendo litatsala pang'ono kukhudza phazi la woimba. Ku Johannesburg kunali Kippies, malo otchedwa dzina la Kippie Moeketsi, katswiri wa saxophone. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre nakonso kuli timalo tating'ono kumene gitala imalira Lamulungu masana, anthu atazungulira matebulo ochepa. M'malo otere woimba sakuwa. Amakamba nawe. Ukatsokomola amamva, ukagwetsa msozi amauona. Ndipo ife a kumapiri tinali nayo nyumba yotere tisanamve n'komwe dzina la jazi. Inali mphala, linali khonde la agogo, inali khitchini ya utsi usiku wa mvula.

Nyumba imeneyo taikonza, Agide. Ili pamtunda, pamene kukacha bwino munthu amaona nyanja ikunyezimira kum'mawa, cha ku Nkhotakota. Atsikana azira pansi ndi dothi lakuda, asesa pabwalo mpaka mizere ya tsache ikuoneka. Mphasa zayalidwa. Mpando ndi umodzi wokha, wa ndalema, ndipo ndi wanu. Nyali ya galasi yapukutidwa, yapachikidwa pa mtanda wa denga. Mbaula ili pakona chifukwa chisanu cha kuno sichiopa mlendo. Thobwa la mawere lili mu mtsuko, mbatata ya kachewere ili pamoto, nkhuku yachikuda yagwidwa kale. Olowa ndi okhawo amene nyumba ingawanyamule: mafumu awiri atatu, anamkungwi, aphunzitsi opuma, anyamata a mganda atasiya mabadza awo panja, ndi ana amene alonjeza kukhala chete. Zokuzira mawu kulibe. Mafoni atsala m'dengu pakhomo, osati chifukwa timadana nawo, koma chifukwa usiku uno tikufuna kuti manja athu akhale opanda kanthu, okonzeka kuomba.

Ndikukuonani m'maso a mtima mukulowa. Mukuwerama pang'ono pakhomo, chipewa m'manja. Mafumu akuomba m'manja mwaulemu, amayi agwada. Mukukhala, mukupuma kaye, popeza mwendo wa zaka zambiri suthamangitsidwa. Mukuika gitala pantchafu. Simuyamba ndi nyimbo. Muyamba ndi kukunga nsambo, khutu litapendekera ku thabwa ngati mayi womvetsera kupuma kwa khanda. Nsambo ina yakana, mukuipotoza pang'ono, yavomera. Pa siteji yaikulu zimenezi palibe amazimva, koma muno ndi chiyambi cha mwambo. Kenaka chala chachikulu chikugwa pa nsambo yaikulu. Du. Du. Du. Phazi likutsatira pa dothi lozira. Zala zinazo zikuyamba kuyendayenda pamwamba ngati nkhuku zotola mapira. Ndiye mawu. Mawu amene adutsa m'fumbi la zaka zonse zija, okhakhala m'mbali ngati khungwa la mbawa, ofewa pakati ngati phala la mwana. Tikumva mpweya ukulowa musanayambe mzere. Tikumva chikhadabo chikukhula waya. Tikumva pamene mawu afuna kuthyoka, inu n'kuwagwira, n'kuwakhazika pansi bwinobwino monga mayi atula mtsuko wodzaza. Mukuseka pakati pa nyimbo, kuseka kwa munthu amene wakumbukira kanthu kena kake, ndipo nyumba yonse ikuseka nanu isanadziwe chifukwa. Mukaimba Che Meli, nkhalamba ina ya pakona ikutseka maso, milomo ikuyenda yokha. Mukasinthira ku Chiyao, ife Achewa a kumapiri sitikumva mawu onse, koma mapewa athu amva kale. Nyimbo imene pa wailesi imatha msanga, muno ikutalika, ikukhota, ikubwerera, chifukwa mwaona kuti mayi wina sanakhute nayo. Zimenezi ndiye jazi: nyimbo yosaimbidwa kawiri mofanana.

Agide, wophika nyimbo pamaso pa odya. Agide, woluka mphasa anthu atakhalapo kale. Agide, wong'ung'udza amene kung'ung'udza kwake kumaposa kukuwa kwa anyamata khumi.

Pakhomo pali alendo ena, aloleni alowe. Achokera ku Dzaleka. Malo amenewo inu mukuwadziwa mbiri yake, pakuti munali wamkulu kale pamene dzinalo linkatchulidwa monong'ona. Inali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, kumene chisanu cha Dowa chinkalowa m'mafupa a anthu osazengedwa mlandu. Mu 1994 inasanduka msasa wa othawa nkhondo, ndipo lero mukukhala anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. Mmodzi wa iwo, mlakatuli Menes la Plume wochokera ku Congo, ndiye anayambitsa Tumaini, kuti pamalo pamene panali kulira pamveke nyimbo. Anyamata a kumeneko ali ndi zala za rumba, zoyenda pa nsambo ngati madzi a pa mwala. Akhale pansi pafupi ndi mapazi anu. Aone mmene munthu amakhalira ndi nyimbo imodzi zaka makumi ambiri osaitaya, osatopa nayo. Iwo anataya nyumba, minda ndi manda a makolo, koma nyimbo anafika nazo. Adzakumvani msanga kuposa ife.

Ndipo pali ena amene sitingawaone, koma ali muno. Mbalule, alonjere. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'dziko lino ndi makina ojambulira mawu, nafika mpaka ku Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi. Anajambula amuna ndi amayi a m'mapiri ano akuimba. Mawu awo akusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, pamene zidzukulu zawo kuno zikudutsa pa manda awo osadziwa kuti pagona oimba. M'mudzi uliwonse wa kuno munali nkhalamba ya bangwe, ya kaligo, ya sansi, yoimba yokha madzulo pakhonde, yopeka nyimbo za msonkho, za ukamwini, za mkazi amene anapita ndi wa pa sitolo, za mwana amene anapita ku Joni osalembako kalata. Sizinakwere ndege. Sizinalowe mu wailesi. Zina zilipobe lero, ku Malomo, ku Madisi, ku Nambuma, zikuimba pa msika anthu n'kumaponya makobidi osaima. Potamanda inu, Agide, tikutamanda iwonso, pakuti ndinu nkhope imene dziko linavomera kuiona m'malo mwa nkhope zawo zonse. Mwana wa ku Ntchisi amene wamva ng'oma iyi, mawa apite kwa agogo ake akafunse kumene kunapita bangwe uja ankapachikidwa kuseri kwa chitseko. Akamupeza wadyedwa ndi njenjete, afunse nyimbo zake. Nyimbo sizidyedwa ndi njenjete malinga mwini wake akupuma.

Tsopano kusupa. Lichero lidutse. Musaponye ndalama pansi ngati mukudyetsa nkhunda. Nyamukani, yendani chowerama, ikani m'lichero ndi manja awiri. Amene wagulitsa soya aike za soya. Amene wagulitsa fodya akumbukire kuti anasoka akumvera nyimbo za munthu ameneyu. Amene alibe ndalama abweretse nsengwa ya mtedza, nkhuku, bulangete la chisanu, nsambo zatsopano za gitala. Mphunzitsi alembe nyimbozi m'kope, afunse mwini wake kuti iyi munaipeka liti, munali kuti, munkaganiza chiyani, alembe mayankho monga atulukira m'kamwa. Mnyamata wofuna kuimbanso nyimbo za Agide aziimbe, nyimbo imakula ndi kuimbidwa, koma ayambe wagwada, apemphe, atchule dzina, ndipo chimene chatuluka agawane ndi mwini munda. Si chifundo chimenechi ayi. Ndi ngongole, ndipo yakhalitsa.

Gu! Gu! Bwererani nonse, ng'oma zanga. Gunda, mpanje, tete, mbalule, lirani pamodzi kamodzi kokha.

Agide wa ku Madzuwa! Chalamanda wa pansi pa phiri la Chiradzulu! Wobadwa tsiku la Chilembwe! Wopulumuka njala ya 1949! Woimba pansi pa mbendera ziwiri! Bambo wopekera mwana wake nyimbo, dziko lonse n'kuilanda! Wokwera ndege ndi loto la m'nyimbo! Mphanda ya nyumba ya jazi wa kumudzi! Mlendo wa pa wailesi ya agogo anga! Nkhalamba yoseka ndi nsambo! Kongwe wavomera. Mvera wavomera. Ntchisi wavula nkhungu kuti akuoneni. Bua ndi Lingadzi atenga dzina lanu, akupita nalo kunyanja.

Basi. Ikani zikhatho pa zikopa, ng'oma zizizire. Mafuta a nyali atsala pang'ono, mwana wina wagona pamiyendo ya amake, makala a m'mbaula afiira. Kunja mphepo ikutsika m'nkhalango, agalu a kutsidya aleka kuuwa. Mnyamata iwe, tsegula chitseko pang'ono, uyang'ane ku msewu wochokera ku Mponela ngati kukuoneka kuwala kwa galimoto. Amayi, sunthani mtsuko, mlendo angapunthwe. Agide, mpando wanu ndi uwu.